Kosungira chiwerengero cha ma OTP: mmene mungasankhire ngati anthu anu ali ku Chigwa cha Shire

Tsiku lomwe tinkalembetsa alimi a thonje kufupi ndi Ngabu, mzere unali pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa likuswa mtengo. Mayi wina anadina batani la "Tumizaninso" kasanu ndi kawiri chifukwa SMS sinkafika. Patapita mphindi zingapo netiweki inabwerera, ndipo mauthenga onse asanu ndi awiri anagwa nthawi imodzi, foni ikungolira m'manja mwawo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, pa zonsezi ndilembe iti?"

Funso lawo linali labwino, koma ine langa linali lina. Ndinali nditaika malire akuti nambala imodzi isalandire ma SMS oposa atatu pa ola. Nanga asanu ndi awiriwo anadutsira pati? Madzulo ake ndinapeza kuti pulogalamu yanga inkayenda m'magawo anayi pa seva, ndipo gawo lililonse linkawerenga palokha. Malire a 3 anali atasanduka 12. Masamu anga analibe vuto. Cholakwika chinali malo omwe ndinkasungira chiwerengerocho.

Amene munakhalapo mu banki m'khonde mukudziwa chifukwa chake buku la ngongole limakhala limodzi. Alembi akakhala awiri, aliyense ndi kope lake, munthu akongola uku n'kukakongolanso uko. Ndi mmene zililinso ndi ma OTP, manambala aja amene timatumiza pa SMS kuti munthu atsimikize kuti foni ndi yake. Nawa masitepe omwe ndimatsata tsopano.

1. Lembani papepala zomwe mukuwerenga

Musanatchule dzina la pulogalamu iliyonse, dziwani kuti mukuwerenga zinthu ziwiri zosiyana. China ndi kutumiza, ndipo chimadya ndalama, pakuti SMS iliyonse imalipiridwa. China ndi kuyesa kulemba OTP, ndipo apa nkhani ndi ya chitetezo. OTP ya manambala 6 ili ndi njira 1,000,000. Mukalola kuyesa kasanu kokha, wongolota ali ndi mwayi umodzi pa 200,000. Mukachepetsa kukhala manambala 4, mwayi wake ufika pa umodzi pa 2,000, ndipo mukapanda kuika malire konse kompyuta imaliza njira zonsezo inu musanamalize tiyi.

Ine ndimayambira apa: masekondi 60 pakati pa SMS ndi inzake, ma SMS 5 pa ola pa nambala imodzi, 10 pa tsiku, ndi kuyesa kasanu pa OTP iliyonse. Pamwamba pa zonsezi ndimaika denga la tsiku lonse, loti ma SMS onse pamodzi akafika pamenepo kutumiza kuime ndipo ine ndilandire uthenga. Manambalawa si lamulo, asintheni malinga ndi thumba lanu. Chinanso chomwe mayi aja anandiphunzitsa n'chakuti munthu akapemphanso OTP yoyamba isanathe nthawi, mutumizireni yomweyo. Akalandira mauthenga atatu ofanana sasokonezeka.

Mudzamva ambiri akunena kuti muziwerenganso pa IP, adiresi yomwe chipangizo chimaonekera nayo pa intaneti. Kuno samalani nazo. Makampani a mafoni amatulutsira makasitomala ambirimbiri pa IP imodzi, choncho mukakhwimitsa malire a IP mukhoza kutsekera msika wonse wa Nchalo chifukwa cha munthu mmodzi. Komanso kuno mlangizi mmodzi amalembetsa mudzi wonse pa tabuleti imodzi. Malire a IP akhale otakasuka, ndipo alangizi muziwawerengera pa akaunti yawo yolowera.

2. Nambala imodzi ikhale ndi dzina limodzi

Wina alemba 0888 n'kupitiriza, wina ayamba ndi 265, wina +265, wina aika mipata pakati. Kwa kompyuta amenewa ndi anthu anayi, ndipo aliyense alandira malire akeake. Sinthani nambala iliyonse ikhale m'kalembedwe ka E.164, koyamba ndi + kenako nambala ya dziko, musanayambe kuwerenga. Laibulale ya Google yotchedwa libphonenumber imachita zimenezi ndipo imadziwa manambala a TNM ndi Airtel.

Amene akhala ku Marka kapena m'mbali mwa Shire ku Nsanje akudziwa kuti anthu ambiri ali ndi SIM ya ku Mozambique, yoyamba ndi +258. Iloleni ngati anthu anu ali nayo, koma muipatse denga lakelake. Mayiko ena onse atsekeni. Pali akuba amene amagwiritsa ntchito fomu yanu kutumiza ma SMS miyandamiyanda ku manambala akunja omwe iwo amadyapo gawo la ndalama, bilu n'kubwera kwa inu. Gulu la alimi a ku Chikwawa lilibe chifukwa chotumizira OTP kutsidya la nyanja.

Nambalayo musaisunge poyera m'kiyi yowerengera, kutanthauza dzina lomwe chiwerengero chake chimasungidwa nalo. Ena amaibisa ndi SHA-256, njira yosandutsa mawu kukhala zilembo zosamveka, n'kumaganiza kuti atha, koma nambala ya ku Malawi ili ndi manambala 9 okha mukachotsa 265, ndipo kompyuta wamba ikhoza kuyesa onse n'kupeza eni ake. Gwiritsani ntchito HMAC, njira yobisa yomwe imasakaniza nambalayo ndi mawu achinsinsi, ndipo mawuwo muwasunge kwina. Kumbukirani kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo nambala ya foni ya munthu ndi uthenga wake.

3. Funsani mafunso atatu pa kosungira kulikonse

Kodi magawo onse a pulogalamu akuona chiwerengero chimodzimodzi? Kodi seva ikazima n'kuyakanso, chiwerengerocho chikhalapobe? Kodi kuonjezera 1 kumachitika ngati chinthu chimodzi chosadukiza?

Lachitatuli ndi lomwe limagwetsa anthu ambiri. Tinene kuti chiwerengero chili pa 4 ndipo malire ndi 5. Zopempha makumi awiri zikafika pa sekondi yomweyo, chilichonse chiwerenga 4, chiona kuti malo alipo, n'kutumiza SMS. Kuwerenga kaye kenako n'kulemba ndi khomo lotsegula. Mufunika kosungira komwe mumangouza kuti "onjezera, undiuze zafika pati" ndi lamulo limodzi.

Pali funso lachinayi, lakuti kodi zakale zimafufutika zokha, koma limeneli ndi la ukhondo chabe. Mukhoza kulikonza ndi kapulogalamu kosesa usiku.

4. Yesani chimodzichimodzi

Mu RAM ya pulogalamu yomweyo, malo osungira kwakanthawi omwe amafufutika ikazima: apa ndi pomwe ndinagwera. Ngati mukugwiritsa ntchito Django, chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti, osasintha kalikonse, cache yake (kosungira zinthu kwakanthawi) imakhala ya gawo lililonse palokha. Mukayendetsa Gunicorn, yomwe imayendetsa pulogalamuyo pa seva, ndi magawo anayi, muli ndi makope anayi. Ndipo nthawi iliyonse mukaika zatsopano pa seva, zonse zimabwerera pa ziro. N'koyesera pa laputopu basi.

M'mafayilo: zimapulumuka seva ikazima, koma zopempha zikafika pamodzi zimalimbirana fayilo, ndipo tsiku lomwe mudzaonjezere seva yachiwiri mudzabwerera ku makope awiri. Amene muli pa Laravel, chida china chomangira mapulogalamu, onani kuti cache yanu ikuloza kuti, chifukwa RateLimiter, gawo lake loika malire, imasunga kumeneko.

Memcached, pulogalamu yapadera yosunga zinthu mu RAM, ndi yachangu ndipo ili ndi lamulo la incr losadukiza. Koma inapangidwa mu 2003 kuti izisunga zinthu zoti zikatayika palibe wolira. Silemba kalikonse pa disiki, ndipo malo akachepa imataya zakale osakuuzani. Sindingaikemo chiwerengero choteteza ndalama za anthu.

Tsopano database yomwe muli nayo kale, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ambirife yankho lathu lili apa. Tiyeni tiwerenge. Gulu lanu lili ndi mamembala 10,000, ndipo tsiku lolandira ndalama za thonje aliyense wapempha OTP katatu m'maola 8. Zopempha ndi 30,000 m'masekondi 28,800, kutanthauza pafupifupi chimodzi pa sekondi. PostgreSQL kapena MySQL pa seva yotchipa kwambiri singamve n'komwe kuti pachitika kanthu. Pangani tebulo la magawo atatu: kiyi, nthawi yoyambira, ndi kangati, ndipo awiri oyambawo akhale primary key, chizindikiro chosiyanitsa mzere ndi unzake. Mu PostgreSQL, kuyambira 9.5 ya mu 2016, mzere umodzi uwu ukwanira:

`INSERT INTO malire VALUES ($1, $2, 1) ON CONFLICT (kiyi, nthawi) DO UPDATE SET kangati = malire.kangati + 1 RETURNING kangati;`

Nambala yobwerayo ikapitirira malire, kanani. Ku MySQL mawu ake ndi ON DUPLICATE KEY UPDATE. Mafunso atatu aja onse ayankhidwa: aliyense akuona tebulo limodzi, zalembedwa pa disiki, ndipo database yokha ikuonetsetsa kuti awiri asaonjezere nthawi imodzi. Simunaonjezere pulogalamu ina yofuna kuyang'aniridwa, ndipo zosunga zanu za usiku uliwonse zikutenganso tebuloli. Msungichuma akadzafunsa kuti, "Bambo, ndalama za SMS zatha bwanji pa 20?" mudzatsegula tebulo n'kuwaonetsa nambala yomwe inadya zambiri.

Pali misampha iwiri. Woyamba: onjezerani chiwerengero ndi kutseka transaction (mtolo wa zosintha zomwe database imasunga zonse pamodzi kapena kuzibweza zonse) musanaitane kampani ya SMS. Mukaika zonse mu transaction imodzi, kutumiza kukalephera chiwerengero chibwerera mmbuyo, ndipo nthawi yonse yodikira yankho mzere uja ukhala wokiyidwa. Chimodzimodzi poyesa OTP: wonjezerani kaye, kenako yerekezani manambala. Wachiwiri: wina adzakuuzani kuti tebulo likhale UNLOGGED kuti lithamange. Likathamanga ndithu, koma PostgreSQL imalikhuthula lonse seva ikazima mwadzidzidzi, ndipo kuzima mwadzidzidzi ndi chinthu chomwe ife timachidziwa bwino.

Ngati seva ndi imodzi yokha ndipo ikhala choncho, ngakhale SQLite, database yaing'ono yokhala mufayilo, ikwanitsa ntchitoyi mukayatsa WAL, njira yake yolola kuwerenga wina akulemba.

Redis, pulogalamu inanso yosunga zinthu mu RAM, ndi yomwe mudzaipeza m'malangizo ambiri, ndipo pali chifukwa. Kuyambira 2009 pamene Salvatore Sanfilippo anaitulutsa, yakhala ikugwira ntchito ngati imeneyi: INCR imaonjezera mosadukiza, EXPIRE imafufuta kiyi nthawi ikakwana. Itengeni ngati zopempha zafika mazanamazana pa sekondi, ngati akuba akugogoda kwambiri moti database ikutopa ndi kukana kokhakokha, kapena ngati muli nayo kale ndipo pali munthu woidziwa. Mu 2024 eni ake atasintha laisensi panabadwa Valkey, mphukira ya Redis, pansi pa bungwe la Linux Foundation, ndipo malamulo omwe mukufuna pano ndi omwewo.

Mukaitenga, konzani izi. INCR ndi EXPIRE ndi malamulo awiri, ndipo pulogalamu ikafa pakati pake kiyi imatsala yopanda tsiku lofera. Mlimi wa ku Bangula adzangomva kuti "mwapyola malire" mpaka kalekale. Mangani awiriwo mu MULTI ndi EXEC kuti achitike pamodzi, pogwiritsa ntchito EXPIRE kiyi 3600 NX ngati muli pa Redis 7.0 kapena kuposa, apo ayi lembani kapulogalamu ka Lua, komwe Redis imakayendetsa mosadukiza. Kenako yatsani AOF, fayilo yomwe Redis imalembamo zosintha zonse pa disiki, ndi appendfsync everysec, kuti magetsi akathima mutaye za sekondi imodzi yokha. Ndiye pali maxmemory-policy, lamulo louza Redis chochita RAM ikadzaza. Ngati Redis yomweyo ikusunganso cache ya masamba ndipo mwaika allkeys-lru, RAM ikadzaza ziwerengero zanu zitayidwa limodzi ndi zinyalala. Musaganize kuti volatile-lru ikupulumutsani, pakuti imeneyo imataya makiyi okhawo omwe ali ndi nthawi yofera, omwe ndi anu enieniwo. Ziwerengerozi zipatseni Redis yawoyawo ndi noeviction, kuti isataye kalikonse. Ndipo doko la 6379, khomo lolowera mu Redis, lisaonekere pa intaneti.

Makampani ena monga Twilio amagulitsa ntchito yotsimikizira foni yomwe ili ndi malire ake kale. N'zothandiza, koma denga la ndalama za gulu lanu sungani nokha.

5. Kosungira kukhale pafupi ndi pulogalamu, osati pafupi ndi inu

Mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, kumtunda kwa Chikwawa, ndipo dziko linataya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene anali ndi seva pansi pa desiki mu ofesi anaphunzira kuti batire ndi invata zili ndi polekezera, makamaka mu October pamene kutentha kwa kuno kumapitirira madigiri 40 ndipo makina amadzizimitsa okha. Ngati mungathe, pulogalamu ndi kosungira kwake zikhale kwa osunga maseva, kaya ku Blantyre, Lilongwe, Johannesburg kapena Cape Town. Chachikulu n'chakuti zikhale malo amodzi. Pulogalamu ili ku Johannesburg, Redis ili ku Ulaya, ndiye kuti OTP iliyonse iyamba yawoloka nyanja kukafunsa chilolezo.

Chiwerengero chisakhale pa foni ya munthu. Batani lotuwa lowerenga masekondi chotsitsa ndi labwino kuti munthu adekhe, koma wakuba sadutsa pa batani lanu, amalankhula ndi seva mwachindunji. Wotchi ya foni musaikhulupirirenso. Tonse taonapo foni yomwe yachotsedwa batire kukachajitsa pa sola ya kugolosale, ikamabwera ikuti tili mu January chaka chakale. Gwiritsani ntchito wotchi ya database kapena ya Redis. Ngati ili pa UTC, nthawi ya dziko lonse lapansi, dziwani kuti tsiku lake limatha 2 koloko m'bandakucha nthawi ya kuno.

Pa nkhani ya nthawi yomweyi, kuwerenga pa ola lathunthu kuli ndi kachibowo. Munthu akhoza kupempha kasanu 9:59 ndi kasanu 10:00. Kwa gulu laling'ono, lamulo la masekondi 60 lija limachepetsa kachibowoka. Mukafuna kulondola kwenikweni, lembani mzere umodzi pa SMS iliyonse n'kumawerenga za m'mphindi 60 zapitazi, kapena sorted set, mndandanda wosanjidwa, ngati muli pa Redis. Kungoti mukatero mwabwerera ku kuwerenga kaye kenako kulemba, choncho muyenera kukiya kapena kugwiritsa ntchito Lua.

6. Gwirizanani lero chochita kosungira kukafa

Redis yagwa pakati pa usiku, pulogalamu ikulephera kufunsa chiwerengero. Itumize SMS kapena ikane? Malaibulale ena amangotsegula chipata mwakachetechete kuti anthu asadandaule. Pa masamba wamba zimenezo zilibe kanthu. Pa OTP ine ndimatseka: osatumiza, osalandira, ndipo uthenga ubwere pa foni yanga. Ola limodzi lopanda kulembetsa likhoza kubwezedwa mawa, koma ndalama za SMS zikapita zapita, ndipo akaunti yolowedwa ndi wakuba ndi mlandu. Apanso database ili ndi mwayi wake. Ikagwa, pulogalamu yonse yaima kale, ndiye palibe chipata chotsala chotsegula.

Malire enieniwo asungeni potha kusinthika popanda kulembanso pulogalamu. Madzi akasefukira monga zinachitikira mu 2015, mu 2019, ndi nthawi ya Freddy mu March 2023, anthu amasonkhana m'makampu, nthawi zambiri m'masukulu. Mafoni amachajidwa pamalo amodzi, netiweki ikabwerera onse amayaka nthawi imodzi, ndipo banja lomwe foni yake inapita ndi madzi limabwereka ya mnansi. Nambala imodzi ikhoza kutsimikizira anthu asanu tsiku limodzi popanda chinyengo chilichonse. Tsiku lotero mufuna kukweza malire a mlangizi amene ali pa kampu ku Makhanga, osakhudza ena onse, ndipo mufuna kuti zilembedwe kuti anakweza ndani komanso liti. Mufunanso batani loti wa mu ofesi amasulire nambala yomwe yatsekedwa molakwika.

7. Yesani ngati wakuba

Musayese podina batani ndi chala, chala n'chochedwa. Chotsani kampani ya SMS, muikepo chonamizira chongolemba mufayilo. Kenako tumizani zopempha 50 nthawi imodzi pa nambala imodzi, pogwiritsa ntchito zida zoyesera monga ab kapena k6, lamulo la masekondi 60 mutalizimitsa kaye. Werengani mizere mufayilo muja. Ikhale 5. Ikakhala 6, funso lachitatu lija simunaliyankhe.

Pamenepo zimitsani seva mwankhanza, osati mwaulemu, muyatsenso n'kupemphanso kamodzi. Ikane. Lembani nambala yomweyo m'njira zinayi zija, ikanebe. Zimitsani kosungira kokha muone ngati chipata chatsekeka. Ngati muli pa Redis, funsani TTL, nthawi yotsala kiyi isanafe, ya makiyi angapo. Mukaona -1, mwapeza kiyi yosafa.

Pokana, seva ibweze 429, nambala yotanthauza kuti zopempha zachuluka, pamodzi ndi Retry-After yonena nthawi yodikira, koma munthu aone mawu omveka: "Dikirani mphindi 12, kenako yesaninso." Ku Nsanje mawuwa akhaleponso m'Chisena, ndipo pezani woyankhula Chisena weniweni awalembe. Mu SMS yomwe muli OTP pewani chilembo cha ŵ. Mulibe m'zilembo wamba za SMS, ndipo chikangolowamo uthenga umodzi umatsika kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70, n'kumalipira kawiri pa uthenga womwe mumayesa umodzi.

Chomalizira ndi kusesa. Ngati mwasankha database, ikani cron, ntchito yodziyendera pa nthawi yoikika, yoti usiku uliwonse izifufuta mizere yopitirira masiku omwe mwagwirizana ndi msungichuma, kaya 30, ndipo pa gawo la nthawi pakhale index kuti kufufuza kufulumire. Kwathu imayenda 3 koloko m'bandakucha, ndipo Lolemba lililonse ndimatsegula tebulo kuona ngati mzere wakale kwambiri ulidi wa mwezi watha.